Matimati a M'ndowa

Botolo linaphulikira m'sefuliya pa nthawi yomwe achimwene ankalowa m'khitchini, mpando uli m'manja, kudzafunsa kuti mpando umenewo ndi wa yani. Wapakati anaphula sefuliya, nayang'ana madzi akufiira pang'onopang'ono, matimati amene anawasenda m'mawa wonse akusambira pamodzi ndi magalasi. Cholakwa anachidziwa: anaiwala kuyala chiguduli pansi pa mabotolo. Akanakhala masiku ena, abambo bwenzi atamva kuphulikako ali kuchipinda, n'kuyamba kufunsa ngati mabotolo amamera m'munda. Koma abambo anali ataikidwa m'manda masiku atatu apitawo, ndipo kuchipindako kunali zii.

Anawauza achimwene kuti mpandowo unabwerekedwa pamaliro kwa akalipentala, nyumba yachitatu kumanzere, ndipo asaiwale benchi lija logwedera mwendo. Achimwene atangotuluka, mng'ono wake anasuzumira pazenera kufunsa komwe kuli sopo. Chiyambire maliro zinthu zinali choncho. Machesi ali pati, kiyi wa kushedi ndi uti, mpopi uwu umatsekedwa bwanji kuti usadonthe. Anthu anabadwira m'nyumba momwemo, anakuliramo, koma lero ankayendamo ngati alendo pa depoti, chilichonse achemwali, achemwali.

Ana anali atatu. Woyamba, achimwenewo, anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina kutali, munthu woti ngakhale popempha mchere amayamba ndi mfundo yoyamba. Womaliza, amene onse ankangomutchula Mzime, anali namwino m'tauni, wa mwamuna ndi ana awiri. Pakati pa awiriwa panali iyeyu, amene dzina lake lenileni linatsala pa satifiketi ya zosoka. Pakhomo ndi mumsewu monse ankangoti Wapakati. Anabwerera kunyumba amayi atagwa m'bafa n'kufa ziwalo mbali imodzi. Pa nthawiyo abale akewo anamuuza kuti ndi miyezi iwiri yokha, angothandiza mpaka amayi aimirire. Amayi sanaimirirenso. Atamwalira, abambo anayamba kubanika m'chifuwa, ndipo miyezi iwiri ija inakwana zaka khumi ndi chimodzi.

Ndiye panali dimba. Abale inu, dimba limenelo! Abambo anagwira ntchito yosankha makalata ku positi zaka makumi atatu, ndipo atapuma anaona ngati nthaka nayo ndi positi, chilichonse pamzere pake, chilichonse ndi chizindikiro chake. Ankalima ngati pakhomo pakadali anthu khumi. Chaka chilichonse dzuwa likayamba kufooka, mphepo ya m'mawa ikayamba kuluma makutu, dimba linkapsa lonse nthawi imodzi, ndipo munthu unkakhala ndi masabata awiri okha chisanu chisanagwe n'kuwaula zonse. Matimati ena kuwadula n'kuyanika pathandala, ena kuwasenda n'kuwiritsa m'mabotolo. Masamba kuwafutsa, anyezi kumuluka n'kupachika kudenga, nyemba kumenya, kupeta, kuthira m'zitini. Maungu ankayalidwa pa alumali, osagundana. Zikatha, theka linkakwera basi kupita kwa achimwene ndi kwa Mzime, ana awo n'kumadya nyengo yonse yozizira akutamanda manja a agogo. Manja a agogo ati? Agogowo zaka zisanu zomalizazi ankangokhala pampando n'kumaloza ndi ndodo.

Munthu wa ndondomeko chotero anamwalira pa nthawi yoipitsitsa ya chaka chonse. Sabata yathunthu kuchipatala, kenako maliro, ndipo dimba silinadikire munthu. Matimati anang'ambika, ena anagwa n'kuyamba kununkha, nyemba zinkathetheka zokha padzuwa. Anthu atangobalalika, Wapakati anavala epuloni maso akadali otupa. Sikuti wina anamutuma. Kuona chakudya chikuola kunkamusowetsa mtendere, ndipo matenda amenewo anawatengera kwa abambo.

M'thumba la epuloniyo munali foni, ndipo m'fonimo munali nkhani imene abale ake sankaidziwa. Mnzake amene anaphunzira naye zosoka anali ndi shopu mumzinda, ya makina anayi. Anamuitanapo kawiri. Kachiwiriko inali nthawi yofesa ya chaka chomwechi: makina apazenera alibe munthu, kuseri kwa shopu kuli kachipinda, kali ndi kakhonde kongokwana mpando umodzi, koona dzuwa m'mawa wokha. Wapakati anawafotokozera abambo zonsezo, mpaka za kakhondeko. Abambo anamvetsera akusankha mbewu palichero, ndipo iye atamaliza anangofunsa kuti nanga matimati chaka chino amangirira ndani. Nkhani inafera pomwepo.

Ngati zimenezo sizinakwane, sabata yotsatira mdalayo anayamba misala yatsopano. Anatola ndowa zisanu zobooka, n'kuthiramo dothi, n'kudzalamo matimati kuseri kwa bafa, malo oti dzuwa likafika paliwombo palibenso chake. Dimba lonse lija osawakwanira. Wapakati, mtima ukadali wowira, analumbira kuti ndowa zimenezo sadzazithirira ngakhale dontho, ndipo anasungadi lumbiro lake. Abambo ankathirira okha ndi ketulo, akuima katatu panjira kuti apeze mpweya. Iye kuseriko sankapondako.

Tsopano mnzake uja, poimba foni yopepesa maliro, anamaliza ndi mawu akuti mayi amene anamulemba m'malo mwake wapita ku banja, oda ya mayunifolomu yafika, makina akudikira mpaka Lolemba m'mawa. Ananena mosapsatira kuti kachitatu n'komaliza, nayenso ali ndi ana oti adyetse. Tsiku limene botolo linaphulikali linali Lachinayi.

Masana achimwene anaitanitsa msonkhano pakhonde. Wapakati anabwera ndi lichero la nyemba, poti kukhala manja lende sankatha. Mzime anakhala pambali pake n'kumathandiza kusenda. Achimwene nawo anatola khoko limodzi, ndipo khoko limenelo linali likadali m'manja mwawo msonkhano utatha.

Mfundo yoyamba inali yakuti nyumba siingakhale yopanda munthu; mwezi sungathe mawindo asanazulidwe. Yachiwiri inali ya oyandikana nawo a kumunsi, amene mpanda wawo uli ndi chizolowezi choyenda wokha chaka ndi chaka. Yachitatu inali yakuti malemu anathira moyo wawo wonse m'nthaka imeneyi, ndipo kugulitsa kapena kulekerera tchire kungakhale kuwatukwana ali m'manda. Achimwenewo sukulu sangaisiye. Mzime odwala ndi ana sangawasiye. Atafika pamenepo anavula magalasi n'kumuyang'ana Wapakati monga amayang'anira mwana amene ali ndi yankho m'kalasi.

"Inu ndiye mwayi, achemwali, mulibe chokumangani," anatero. "Mwamuna ayi, mwana ayi. Ndipo dimbali limakumverani."

Wapakati anaika pansi khoko limene ankasenda. Mawu amene anawakonza masiku atatu anatuluka aang'ono, ngati akupempha kupita kuchimbudzi.

"Ndapeza ntchito, achimwene. Yosoka. Akundifuna Lolemba."

Achimwene sanakalipe. Bola akanakalipa. Anaseka pang'ono, kuseka kwachifundo, n'kufunsa kuti papita zaka zingati asanasoke china choposa zigamba za mathalauza a abambo. Anafunsa za maso, ngati pa msinkhu umenewo angathe kulowetsa ulusi tsiku lonse. Anati kutumikira mkazi mnzako m'kachipinda kongokwana bedi sikungafanane ndi kukhala pako, pa nthaka ya makolo, wopanda wokulamula. Wopanda wokulamula, ati! Mzime anali atasiya kusenda. Misozi ikutsika, anati iye akadzabwera n'kupeza loko pachitseko zidzakhala ngati abambo afa kawiri, ndipo ana ake tchuthi chilichonse amangofunsa kuti kwa anti tipita liti. Anamugwira Wapakati pamkono ndi dzanja lake lofewa, lonunkhira sopo wa kuchipatala.

"Mungokhala kaye mpaka kuzizira kuthe, achemwali. Miyezi iwiri yokha. Kenako tidzaona."

Wapakati anafuna kuseka, anafunanso kuponya lichero pabwalo kuti nyemba zitoledwe ndi nkhuku. Mawu omwe aja, khonde lomweli, ngakhale mpando umene anakhalira unali womwewo. Anakwiya mpaka makutu kutentha. Koma pakamwa pake, pamene pankatha kuthamangitsa ogula onyenga pageti, panakana kutseguka pamaso pa mng'ono wake akulira. Anangoimirira n'kunena kuti akatembenuze matimati pathandala dzuwa lisanapendeke. Akutsika masitepe anamva achimwene akuuza Mzime kuti nkhani yatha bwino, chibale ndi fupa sichiola.

Lachisanu achimwene anadzuka ndi mtima wofuna kuonetsa kuti nawonso ndi mwana wa mlimi. Anavala majombo a abambo, owathina, n'kulengeza kuti lero ndi tsiku lochotsa mbewu, chaka chamawa chisawapeze ali mbuu.

Za mbewu pakhomopo panali lamulo lake. Zinthu zikayamba kupsa, abambo ankayenda mzere ndi mzere n'kumanga kansanza kofiira pa mtengo uliwonse umene ausankha kuti ubale mbewu ya chaka chamawa. Chomangidwa nsanza sichinkathyoledwa, kaya ndiwo zasowa, kaya kwabwera mlendo wotani. Achimwene ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anadyapo tomato wa nsanza, ndipo mpaka lero akaona nsalu yofiira amakanda kumbuyo. Nsanzazo ankadula ndi Wapakati kuchokera ku zotsala za nsalu zake. Chaka chino abambo anaziitanitsa monga mwa nthawi zonse, ndipo iye anawapatsa zodzaza dzanja.

Anayenda atatu, Mzime akusamala nsapato zake. Mizere ya matimati, palibe. Ku nyemba, palibe. Ku maungu anatukula masamba onse, ku tsabola anaunguza mtengo ndi mtengo. Dimba lonse lija nsanza ngakhale imodzi. Anakazipeza kushedi, m'chitini cha masikono, zopindidwa bwinobwino ngati makalata odikira wodzatenga.

Achimwene anati n'zomveka, mdala anali atafooka. Mzime anawonjezera kuti odwala otere miyezi yomaliza amaiwalaiwala. Koma Wapakati ankadziwa kuti abambo sanaiwale. Munthu woti kuchipatala, paipi ya mpweya ili m'mphuno, anamufunsa ngati wilibala waithira girisi, angaiwale mbewu? Iye anaona tanthauzo limodzi lokha. Amusiyira dala. Limeneli ndiye lamulo lawo lomaliza: tsopano womanga nsanza ndiwe.

Achimwene anatenga chitini chija n'kunena kuti ayamba ndi iwo, monga mwana wamkulu. Anapita pa tomato wamkulu kuposa onse m'dimbamo, wonenepa ngati nkhonya, n'kumanga nsanza pa mtengo wake ndi mfundo ya chingwe cha nsapato. Mtengowo masamba ake anali ndi mawanga akuda mpaka kumtunda. Wapakati anayang'ana kumbali. Anadziuza kuti si zake, amange kaya pa mpanda. Anayang'ananso. Zala zinkamuyabwa. Mbewu ya mtengo umenewo ikanadwalitsa dimba lonse chaka chamawa.

Anapita n'kumasula. Anawauza achimwene kuti posankha mbewu sayang'ana chipatso, amayang'ana mtengo: umene unayamba kubala, wa tsinde lolimba, wopanda banga, wopirira tsiku limene madzi anasowa. Anawaonetsa woyenera, wachitatu kuchokera kumpanda, n'kumanga. Pafupi pake panali wina wabwino, anamanganso. Ku nyemba analoza za makoko odzaza mpaka kunsonga. Ku maungu anagogoda ndi chala n'kumvetsera. Pamene ankawongola msana, m'dimbamo munali nsanza khumi ndi ziwiri zikupepeluka, zonse zomanga iye.

"Waona?" achimwene anauza Mzime, nkhope ili ngwee. "N'za m'magazi zimenezi. Munthu ameneyu angakhale m'tauni?"

Wapakati anayang'ana manja ake, akuda ndi utomoni wa matimati. Palibe amene anamukakamiza. Anadzitsekera yekha, ndi zala zake zomwe, dzuwa likuswa mtengo, abale ake akuombera m'manja.

Tsiku limenelo anawiritsa mabotolo makumi awiri popanda losweka. Mzime anapukuta zivundikiro, achimwene analemba madeti pa timapepala ndi zilembo zawo zokongola za pabolodi. Aliyense woona akanati banja ndi limeneli. Chakumadzulo Wapakati analowa kuchipinda kwake n'kukoka chikwama chimene anachilongedza mwakabisira Lachitatu. Anatulutsa lumo lake lalikulu, tepi, madiresi atatu, n'kuzibwezera m'kabati. Analemba uthenga kwa mnzake wopepesa kachitatu, koma sanautumize. Anati autumiza mawa Mzime akanyamuka, kuti akamalira pasakhale womutonthoza.

Anakhala pabedi n'kudana ndi abambo ake. Inde, kudana nawo, ali m'manda momwemo. Anakumbukira munthu wosadziwa kunena zikomo, woti ukasesa amaloza pamene waphonya. Munthu woti mwezi watha womwewu anamuimitsa padzuwa kuti afumbate paipi yothirira, iwo n'kumalemba ndi pensulo uku ndi uku kwa dzanja lake, osanena n'komwe chimene akukonza, kenako n'kumuuza kuti wachedwetsa tiyi. Zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ngakhale pakufa sanathe kumumasula. Atatha kudana nawo anachita manyazi, n'kupita kukaanula masamba mame asanagwe.

Loweruka m'mawa kunazizira kwambiri, udzu wa pabwalo unali mbuu. Chisanu chinali pafupi. Mzime ankanyamuka ndi basi ya masana, ndipo pakhonde panali makatoni awiri odzaza mabotolo, nkhata za anyezi pamwamba, dzungu limodzi lokulunga m'thaulo. Achimwene ankamanga makatoniwo ndi chingwe, akufotokoza mmene katundu amamangidwira. Geti linalira, panalowa mkulu wina akukankha njinga.

Anali wokhoma zidebe wa kumsika, mnzawo wa abambo wa zaka zambiri, wa zala zodzaza zipsera. Pamaliro analipo, anakhala kumbuyo. Mkuluyo atapereka moni n'kupepesanso, achimwene anathamangira kufunsa ngati pali mpando wawo umene sunabwezedwe. Mkuluyo anati ayi, wabwera ndi ntchito imene malemu anamusiyira. Pa tsiku la maliro sakanabwera ndi nyundo. Anamasula kathumba pakaliyala n'kutulutsa chogwirira cha ndowa, cha waya wokhuthala, chatsopano. Anafunsa kuti ndowa ya nsanza ili kuti.

Achimwene anayang'ana Wapakati. Mzime naye anayang'ana Wapakati. Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo, panapezeka chinthu chimene iyenso sankachidziwa. Mkuluyo sanadikire, njira ankaidziwa. Anazungulira nyumba, onse atatu akumutsatira, mpaka kuseri kwa bafa.

Ndowa zisanu zinali pamzere, m'mbali mwa khoma. Zitatu zinali ndi timitengo touma. Yachinayi inali ndi mtengo wautali, wowonda, wopanda chipatso ngakhale chimodzi. Yachisanu inali ndi kamtengo kakafupi, kojintcha, masamba ali lende chifukwa cha ludzu la masabata awiri, koma kamoyo, ndipo kanali psuu ndi timatimati tating'ono. Patsinde pake panali nsanza yofiira, yomangidwa ndi mfundo ija abambo ankamangira matumba a makalata. Ketulo inali pambali, chivundikiro chili pansi.

Wokhoma zidebe anagwada, n'kuyamba kuboola m'mbali mwa ndowayo ndi msomali, akulankhula nkhope ili pa ntchito. Anati malemu anamuitana mwezi watha n'kumubweretsa kuno. Anamuonetsa kuti m'ndowa iliyonse muli mtundu wake, ndipo akufuna aone umene ungabale ndi dzuwa la m'mawa lokha, mizu ili yopanikizika. Iye anawaseka, n'kuwafunsa ngati dimba lawathawa.

"Anandiyankha kuti, 'Mwana wanga akukakhala poti palibe nthaka. Kakhonde basi.'"

Nyundo inalira kawiri. Mkuluyo anapitiriza kuti iye anafunsa bwanji osakonza zogwirira ziwiri, mwina inayo idzabala mochedwa. Malemu anati chimodzi chakwana, dzanja linalo ndi la chikwama. Anawafunsanso ngati kudimba amaliza kumanga nsanza, poti nthawi inali itakwana. Anati kudimba chaka chino kulibe mbewu, amene akufuna dimba adzabwere adzalime yekha.

Achimwene anatsokomola, n'kuvula magalasi, n'kuyamba kunena kuti komabe pali mfundo zina zofunika kuziona bwino. Sanamalize. Mzime ankayang'ana ketulo ija.

Wapakati anamva mawu ake akutuluka okhakhala, ngati a munthu wina. "Nanga osandiuza bwanji?"

Mkuluyo anaika nyundo pansi n'kumuyang'ana koyamba.

"Ndinawafunsa zomwezo, mayi. Anati akakuuzani munyamuka iwo akadapuma, ndipo ankaopa kufa okha. Ananena choncho, ine sindikuwonjezera."

Mukanati apa mtima wake usungunuka pomwepo, koma ayi. Choyamba chimene anamva ndi ukali womwe uja, wotentha kuposa dzulo. Miyezi inayi yathunthu mdalayo ankadutsa pamaso pake ndi ketulo, akubanika, akudziwa zonse, osatsegula pakamwa. Anamusunga mpaka mpweya womaliza ngati mmene ankasungira zingwe zakale ndi misomali yopindika. Wamantha, waumbombo, wouma mutu. Ndipo wouma mutu yemweyo ankaima katatu panjira tsiku lililonse kuti athirire ulendo wa mwana wake. Zonse ziwiri zinali zoona.

Anatola ketulo n'kupita kumpopi. Atabwerera anathira madzi pang'onopang'ono m'mbali mwa tsinde, osanyowetsa masamba, dothi likumwa ndi kaphokoso. Mkuluyo anali atakoleka chogwirira n'kupinda nsonga zake ndi pulayala. Pakati pa wayayo panali chidutswa cha paipi yobiriwira. Anati chimenecho si nzeru zake. Malemu anabwera nacho chodulidula, n'kulamula kuti waya alowe m'kati mwake, poti zala za telala siziyenera kuchekeka. Wapakati anaizindikira. Inali paipi yawo yothirira, ija yoti ukaikoka pamiyala unkamva mawu mpaka kumsewu. Kunsonga zonse ziwiri kunkaonekabe timizere ta pensulo.

Mzime anafunsa motsitsa mawu kuti nanga nyumba. Achimwene anafunsa za nsanza khumi ndi ziwiri zija, za maungu amene sanalowe, za chisanu chimene chikhoza kugwa mawa lomwe. Ankafunsa ngati ana otayika pamsika, ndipo Wapakati anawamvera chisoni ndithu, chisoni chomwe chija chimene chinamudyera zaka khumi ndi chimodzi. Anachimva chikumukoka epuloni. Anapisa dzanja m'thumba, n'kutulutsa mulu wa makiyi, n'kuwaika m'dzanja la achimwene. Anawauza kuti wamkuluyo ndi wa kushedi, mpopi umatsekedwa mobweza pang'ono, ndipo akamawiritsa mabotolo otsalawo asaiwale kuyala chiguduli pansi. Zina zonse akambirane awiriwo, poti mfundo amazitha.

Kenako anawerama n'kunyamula ndowa ija. Inali yolemera, dothi lonyowa, madzi akudontha pa phazi lake. Abambo sanatumepo munthu kulikonse chimanjamanja. Anayenda nayo kuzungulira nyumba, timatimati tikugwedezeka, nsanza ikumukhudza pabondo, dzanja lamanzere lili lopanda kanthu. Atafika pakhonde sanaitule msanga. Anaima kaye n'kuyang'ana pamene anagwira. Paipi ija inakwana m'chikhatho mwake ndendende, osatsalako, osaperewera.